Pikiapu ikazyolika kutsogolo: yambani mwayeza musanagule chipangizo

Alimi anzathu, zokolola za kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe zimafika pamsika wa Lunzu, ku Ndirande kapena ku Limbe pa pikiapu. Kaya ndi ya gulu, ya membala mmodzi kapena ya hayala, nthawi zambiri imakhala galimoto yoti inagwira kale ntchito kwina isanafike kuno. Ikayenda zaka zingapo m'misewu yafumbi ngati wa Lirangwe kupita ku Chingale, kapena ya m'midzi ya kwa Kunthembwe ndi kwa Kuntaja, kutsogolo kwake kumayamba kutsika. Mwini wake amaona kuti bampa yayandikira pansi, matayala akutsogolo akutha mbali yamkati, ndipo pa bampu iliyonse pakumveka kugunda kwa chitsulo pa chitsulo.

Ambiri akaona zimenezi amathamangira kukagula mashoko. Amawaika, galimoto n'kukhalabe yozyolika, ndalama ya feteleza itapita. Phunziro lino likufotokoza chimene chimanyamula kutsogolo kwa pikiapu, momwe mungadziwire chimene chatopa, ndi ntchito zimene zingachitike ndi ndalama zochepa. Njira yake ndi yomwe timatsata m'munda wa sukulu yathu: sitithira mankhwala tisanayendere mbewu, kuwerenga tizilombo ndi kukambirana zimene taona.

Chimene chimanyamula galimoto

Kulemera kwa galimoto kumakhala pa masipuling'i. Ntchito ya shoko ndi kuletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda dzenje, koma shoko wamba sakweza galimoto. Choncho ngati kutsogolo kwatsika galimoto itaima chabe, vuto lili pa sipuling'i, pa zitsulo zimene zimaigwira, kapena pa katundu amene wawonjezedwa kutsogoloko.

Masipuling'i akutsogolo alipo a mitundu itatu, ndipo muyenera kudziwa mtundu umene uli pa galimoto yanu. Gwadani musuzumire kuseri kwa tayala. Mukaona chitsulo chozungulira ngati nkhata, umenewo ndi mtundu wa coil. Umapezeka pa Toyota Hilux zopangidwa kuyambira cha m'ma 2005 ndi pa Ford Ranger zoyambira mu 2011. Mukaona zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana ngati zakumbuyo, amenewo ndi masipuling'i a masamba, omwe ali kutsogolo kwa mapikiapu a Land Cruiser opangidwa chaka cha 1999 chisanafike ndi Hilux zina zakale za 4x4. Mukapanda kuona zonsezi, yang'anani ndodo yachitsulo yowongoka, yotalika pafupifupi mita imodzi, yochokera pa mkono wogwira tayala kulowera cham'kati mwa galimoto motsata chasesi. Imeneyo ndiyo torsion bar. Ili pa Nissan Hardbody, Isuzu KB zakale, Mazda B ndi Ford Ranger zakale, Mitsubishi L200 zakale komanso Hilux zambiri za chaka cha 2005 chisanafike. Mapikiapu ambiri amene alimi amakwanitsa kugula ali m'gulu limeneli, ndipo ndi mwayi, chifukwa mtundu uwu wokha ndi umene umakwezedwa ndi sipanala.

Torsion bar imagwira ntchito popotoka. Tengani nsungwi yaiwisi, mnzanu agwire mbali ina, inu mupotoze mbali inayo. Mukaisiya imabwerera. Chitsulochi chimachita chimodzimodzi tayala likakwera ndi kutsika. Chikapotoka kambirimbiri kwa zaka zambiri sichibwerera bwinobwino pamalo pake, ndiye galimoto imatsika pang'onopang'ono. Opanga galimoto ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kumapeto kwa chitsulochi anaikako kamkono kokhala ndi bawuti yaitali yosinthira.

Kuyeza

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, monga pakhonde la simenti la nkhokwe ya gulu kapena pa filing'i siteshoni. Tsitsani katundu yense. Popani matayala onse akutsogolo mofanana, malinga ndi nambala yolembedwa pa chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Tayala lochepa mpweya kapena losiyana saizi ndi linzake limapendeketsa galimoto, munthu n'kumanamizira sipuling'i.

Tengani tepi muyeze kuchokera pakatikati pa gudumu, pamene pali habu, kukwera molunjika mpaka m'mphepete mwa madigadi. Tikuyambira pakati pa gudumu osati pansi kuti kutha kwa tayala kusasokoneze muyeso. Yezani magudumu onse anayi ndipo lembani m'kope la gulu pamodzi ndi tsiku. Kumanzere ndi kumanja kukasiyana kupitirira sentimita imodzi, pali chofunika kuchiona. Ngati m'mudzi muli galimoto ina ya mtundu ndi chaka chofanana yomwe ili bwino, yezaninso imeneyo kuti mufananize. Muyeso weniweni wa fakitale umapezeka m'buku la amakaniko la galimotoyo.

Apa pali chinthu chimene chimanyenga ambiri. Pikiapu yopanda katundu inapangidwa kuti kumbuyo kuzikhala kokwera kuposa kutsogolo, kuti ikanyamula iziwongoka. Komanso eni ake ambiri amawonjezera tsamba limodzi kapena awiri pa masipuling'i akumbuyo kuti azinyamula zambiri. Galimoto yotere imaoneka yozyolika pamene kutsogolo kulibe vuto. Umboni wabwino uli pa kalabala kamene kamaletsa mkono wa tayala kugunda chasesi, komwe amakaniko amati bump stop. Galimoto itaima payenera kukhala mpata pakati pa labalayo ndi chitsulo chimene amagundapo. Ngati mpata watha, labala waphwanyika, kapena chitsulocho chikunyezimira chifukwa chogundidwa kawirikawiri, ndiye kuti kutsogolo kwatsikadi.

Musanakhudze bawuti iliyonse

Sipuling'i ikhoza kukhala yabwino koma galimoto n'kutsika chifukwa cha zinthu zina, ndipo kukweza torsion bar pamene zinthuzo zatha kumangobisa ngozi.

Yambani ndi kulemera. Chitsulo chotchinga kutsogolo chowotcherera ndi mapaipi okhuthala, batire lachiwiri, ndiponso kariyala ya pamwamba pa kabini imene pamakhala anthu kapena madengu, zonsezi zimatsamira masipuling'i akutsogolo. Chitsulo chakutsogolocho chimavutitsa kwambiri chifukwa chili kunsonga kwenikweni, monga momwe mtolo umalemerera ukakhala kumapeto kwa mtengo wonyamulira. Nthawi zina kungochichotsa kumabwezeretsa galimoto pang'ono popanda kulipira kanthu.

Kenako kwezani kutsogolo. Mangani handibuleki, ikani giya, tchingani matayala akumbuyo ndi miyala. Jeki ndi yokwezera basi. Musalowetse mutu kapena mkono pansi pa galimoto imene yakhala pa jeki yokha. Ikani masitandi achitsulo kapena zipika zolimba zodulidwa bwino pansi pa chasesi. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimasweka mosachenjeza, musazigwiritse ntchito.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi mulikankhe ndi kulikoka. Likamagwedera, mwina ball joint yatha kapena beying'i ya habu yamasuka. Ligwireninso kumanzere ndi kumanja. Kugwedera kwa uku kumaloza ku zitsulo za chiwongolero. Wina azigwedeza, wina aziyang'ana ndi tochi kuti aone pamene pakusewera. Ball joint ina imabisa kutha kwake mpaka makaniko ataipana ndi chitsulo, choncho ngati labala wake wang'ambika ndipo girizi watuluka, iwerengeni ngati yokayikitsa. Pa zonse zimene zili m'phunziro lino, ichi ndicho choopsa kwambiri. Ball joint ikazuka, tayala limagona cham'mbali ndipo chiwongolero sichigwiranso. Pa M1 pakati pa Lirangwe ndi Lunzu, malole akubwera kutsogolo ndiponso anthu atakhala kumbuyo, zimenezi ndi maliro.

Onaninso mabushi a mikono ya tayala. Labala akang'ambika kapena kutuluka m'mbali, mkono umakhala pamalo olakwika ndipo galimoto imatsika mbali imeneyo. Pomaliza, pukutani matope pa chasesi pamene pamangidwa mikonoyo ndi pa chitsulo chopingasa chimene chimagwira mapeto a torsion bar, muone ngati pali mng'alu kapena dzimbiri lodya mkati. Magalimoto ochokera ku UK amafunika diso lapadera, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yozizira ndipo mcherewo umadya chasesi. Pamene pali mng'alu, bawuti yosinthira isakhudzidwe mpaka wowotcherera wodziwa ntchito ya chasesi atakonza.

Mashoko nawo ayesedwe, ngakhale sindiwo atsitsa galimoto. Galimoto ili pansi, kanikizani mwamphamvu ngodya imodzi n'kusiya. Ikakwera kamodzi n'kukhazikika, shoko akugwira. Ikamapitirira kuvina, kapena thupi la shoko lanyowa ndi oyilo, watha. Shoko wakutha amafulumizitsa kutopa kwa sipuling'i ndipo amaphwanya tomato m'madengu, koma ngati ndalama ndi zochepa akhoza kudikira mwezi wamawa. Ball joint yakutha singadikire.

Kukweza torsion bar

Ngati zonse zili bwino ndipo chatsala ndi kutopa kwa chitsulo, ntchito yake ndi ya sipanala ziwiri, jeki, tepi ndi kuleza mtima. Amene sanaionepo aichite pamodzi ndi makaniko ulendo woyamba.

Dzulo lake, tsukani bawuti yosinthira ndi burashi yawaya ndipo muithire mafuta omasulira dzimbiri kapena dizilo pang'ono. Bawuti imeneyi imakhala zaka m'matope, ndipo ikakakamizidwa ili youma imatha kuthyoka kapena kudya mazinga ake. Yang'anani bwino mazingawo. Ngati adyeka kapena bawuti yapindika, gulani ina musanayambe, chifukwa ndiyo imagwira kulemera konse kwa mbali imeneyo.

Kwezani kutsogolo mpaka matayala alendewere, kuti chitsulo chipepukidwe. Yezani kutalika kwa bawuti imene yatulukira kunja kwa nati ndipo lembani, kuti mukasokoneza mudziwe pobwerera. Masulani nati yotsekera. Mangani bawuti maulendo awiri okha, mukuwerenga. Ngati mbali zonse zatsika mofanana, chitani chimodzimodzi mbali inayo. Tsitsani galimoto, igwedezeni kangapo, iyendetseni mamita ochepa kutsogolo ndi kumbuyo, kenako yezaninso pamalo omwe aja. Mukayeza mutangoitsitsa pa jeki mudzapeza nambala yabodza chifukwa matayala amakhala asanakhazikike. Ulendo umodzi wa bawuti umakweza mamilimita ochepa, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi galimoto. Muyeso woyambawo ukuuzani maulendo amene atsala. Bwerezani mpaka mbali zonse zifanane, kenako mangani nati yotsekera mwamphamvu.

Cholinga ndi kubwezera galimoto pamene inali ikuchoka ku fakitale. Anyamata ena amakonda kuikweza kwambiri kuti izioneka yamphamvu ndi kuti isamakhudze pansi m'misewu yokumbika ndi madzi. Mtengo wake umabwera pambuyo. Tayala liyenera kukhala ndi mpata wokwera komanso wotsikira m'dzenje. Mukakweza mopitirira, mkono wapamwamba umakhala pa labala wake woletsa kutsika, galimoto imauma ngati ngolo, ball joint yapamwamba imagwira ntchito itapendekeka ndipo imatha msanga. Pa 4x4 malabala a CV joint amang'ambika, mchenga n'kulowa. Mukamaliza, onetsetsani kuti mpata ulipo pa malabala onse, lapansi ndi lapamwamba.

Nthawi zina bawuti imafika pamapeto galimoto isanakwere mokwanira. Makaniko akhoza kuchotsa kamkono kosinthira n'kukabwezera patsogolo ndi dzino limodzi pa mano a kumapeto kwa chitsulo, kuti bawuti ipezenso malo oyenda. Zimathandiza kamodzi. Ngati galimoto ikutsikanso patapita miyezi yochepa, chitsulocho chatha mphamvu ndipo chikuyandikira kuthyoka.

Kugula zitsulo zina

Zipangizo za galimoto zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nayo. N'chifukwa chake ambiri amapita ku Ndirande kapena ku Limbe kukafuna zogwiritsidwapo kale ntchito. Palibe cholakwika, bola mudziwe zoyenera kugula zakale ndi zosayenera.

Torsion bar yakale ingagulidwe. Gulani ziwiri zochokera pa galimoto imodzi, chifukwa imodzi yamphamvu ndi ina yotopa zimapendeketsa galimoto. Tengani yanu yakale kuti mufananize kutalika, kukhuthala ndi mano ake. Kumapeto kwake kumakhala chilembo, L kumanzere ndi R kumanja. Chilichonse chinazolowetsedwa kupotokera mbali imodzi, ndipo mukazisinthanitsa sizichedwa kutsika kapena kuthyoka. Pukutani chitsulocho mukuyendetsa chala. Chokhala ndi timaenje ta dzimbiri, chotemeka ndi hamala kapena chokhala ndi chipsera cha wowotcherera chisiyeni, chifukwa mng'alu umayambira pa chilonda chaching'ono chotero. Mikono ya tayala yosapindika nayonso ingagulidwe yakale.

Ball joint, zitsulo za kumapeto kwa chiwongolero, mabushi ndi mashoko gulani zatsopano. Zakale simungadziwe moyo umene watsala, ndipo mulipira makaniko kawiri. Mabushi odulidwa ku tayala lakutha, amene amisiri athu amawapanga mwaluso, angakufikitseni kunyumba akaikidwa pa shoko kapena m'malo mwa bump stop. Pa mikono ya tayala ayi, chifukwa pamenepo ndi pamene pamagwira tayala kuti liziloza kolondola. Mabushi atsopano akaikidwa, mabawuti ake amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pansi. Akamangidwa matayala akulendewera, labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika m'miyezi yochepa. Muuzeni makaniko mwaulemu, kapena ingoimani pafupi muone.

Za coil ndi masamba

Coil ilibe bawuti yosinthira. Ikafupika kapena kuthyoka kunsonga, zimasinthidwa zonse ziwiri. Chochotsera chake ndi chipangizo chapadera chopanira, ndipo amene akufuna kuimanga ndi waya kapena chingwe mukanizeni, chifukwa coil yopanidwa ikapulumuka imathyola nsagwada. Masamba otopa amatha kupindidwanso osatenthedwa kwa amisiri a masipuling'i m'tauni, ndipo tsamba lothyoka limalowetsedwa lina. Pamenepo onaninso bawuti yapakati, ma U-bolt ndi mabushi a kumapeto.

Pa mitundu yonse itatu lamulo limodzi silisintha: sipuling'i siiwotchedwa ndi moto ndipo siiwotchereredwa. Mlimi aliyense amadziwa chikwanje chimene chinapsa ndi nyumba. Chimaoneka bwino koma chimapindika pa mtengo woyamba. Sipuling'i yotenthedwa imatero, ndipo yowotcherera imathyoka pafupi ndi pamene yalumikizidwa.

Alayimenti

Kutalika kwa kutsogolo kukasintha, kaimidwe ka matayala kamasinthanso. Ambiri amadumpha gawo ili poganiza kuti asunga ndalama, koma tayala limodzi latsopano limaposa mtengo wa alayimenti, ndipo galimoto yosawongoledwa imadya matayala awiri nthawi imodzi. Pitani nayo kumalo okhala ndi makina ku Blantyre kapena ku Limbe pasanathe masiku ochepa. Ngati pali mabushi kapena ball joint zofunika kusintha, sinthani kaye kuti mulipire alayimenti kamodzi. Nyali zakutsogolo ziwongoledwenso, chifukwa galimoto ikakwera zimaloza m'maso mwa anzanu obwera kutsogolo. Zimenezi zimathandizanso tsiku la COF, pamene oyeza a Road Traffic amaona matayala, nyali, mabuleki ndi kugwedera kwa chiwongolero.

Kanyamulidwe

Pikiapu imene timati ya tani imodzi imanyamula makilogalamu pafupifupi 1,000, ndipo nambalayo ikuphatikiza anthu. Tiwerengere limodzi. Dalaivala, wothandizira ndi eni katundu awiri, aliyense makilogalamu 65, akwana 260. Otsala ndi 740, amene ndi matumba 14 a makilogalamu 50 ndi malo a kadengu. Yerekezani ndi zimene timaona mu Okutobala ndi Novembala ponyamula feteleza, kapena nthawi yogulitsa nandolo ndi thonje.

Wina anganene kuti katundu ali kumbuyo, ndiye kutsogolo kukuvutika bwanji? Katundu wounjikidwa kuseri kwa matayala akumbuyo amanyamula mphuno ya galimoto, chiwongolero chimapepuka, ndipo pa bampu iliyonse kutsogolo kumadumpha n'kugwa mwamphamvu. Pomanga mabuleki pamtsetse kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Matumba olemera aziyamba kuikidwa pafupi ndi kabini ndi pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, zopepuka kumapeto. Pa mabampu a pa Lunzu ndi m'maenje, chepetsani liwiro musanafike ndipo siyani buleki tayala lisanagunde, kuti kutsogolo kukhale kutadzuka.

Gulu limene lili ndi galimoto yake lingachite bwino kupatula kandalama pa ulendo uliwonse, n'kukasunga padera ku banki mkhonde m'dzina la galimotoyo. Ntchito ya kutsogolo ichitike mu Ogasiti kapena Seputembala, misewu ili youma ndiponso ndalama za zokolola zilipo, osati mvula itayamba pamene galimoto ikufunika tsiku lililonse.

Zochita pa msonkhano wotsatira

Membala amene ali ndi pikiapu abwere nayo, wina abweretse tepi ndi tochi. Gawanani m'magulu awiri. Gulu loyamba lipeze mtundu wa sipuling'i, liyeze magudumu anayi ndi kuona mpata wa pa malabala. Lachiwiri liyang'ane kathedwe ka matayala, liyese mashoko ndipo liwerenge kulemera kwa katundu amene galimotoyo inanyamula ulendo wake wapitawo. Gulu lililonse lijambule zimene laona papepala lalikulu monga timachitira ndi mbewu, ndipo linene chimene likanayamba kukonza likanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha. Mlangizi kapena wapampando aitane makaniko wa pa Lirangwe kapena pa Chileka kuti adzamve zimene mwapeza ndi kukuonetsani bawuti yosinthira. Galimoto imene yakwezedwa iyezedwenso pakatha sabata imodzi, kenako pakatha mwezi, ndipo manambalawo alembedwe pansi pa oyamba aja.